Madzi saiwala khwawa: luso la Daviz Simango

Ku Rutendo kuno tsiku limayamba ndi kugundana kwa zigubu. Kunja kusanayere bwino, amayi ndi ana amakhala atandanda kale pamjigo, wina ndi wilibala, wina ndi ndowa ndi nkhata yake, ndipo nkhani ya pamzerepo sisintha: kodi madzi abwera liti kumpope? Tauni yathu ya Redcliff ilibe malo akeake oyeretsera madzi. Imagula kwa anansi athu a ku Kwekwe, amene amatunga a mumtsinje wa Sebakwe. Masiku amene ng'anjo za fakitale ya zitsulo ya Zisco zinkayaka usana ndi usiku, anthu zikwizikwi akulandira malipiro mwezi ukatha, tauni ino inali ndi potsamira. Ng'anjo zija zinazima mu 2008. Kuyambira pamenepo munthu wa ku Rutendo, ku Torwood kapena ku Simbi Park akafuna kudziwa ngati tauni ikuyenda, amangotsegula mpope n'kutchera khutu.

N'chifukwa chake ine ndikamva mawu oti meya sindiona mkanjo wofiira ndi tcheni chonyezimira pakhosi. Ndimaona munthu wodziwa kumene madzi akuchokera, kumene akulowera, ndi chimene chawatsekereza panjira. Katswiri amene ndimamusirira pa ntchito imeneyi sanali meya wathu. Anali malemu Daviz Simango, amene anthu a ku Beira, ku Mozambique, anawasankha mu Novembala 2003 n'kukhala nawo mpaka tsiku la imfa yawo, 22 Febuluwale 2021. Ife tikulira madzi, iwo ankalimbana ndi madzi ochuluka mopyola muyezo. Komabe ndikayang'anitsitsa mmene ankagwirira ntchito, ndimaona kuti wa chilala ndi wa chigumula amafunika maso amodzimodzi.

Beira si mzinda wachilendo kwa ife ana a machona. Agogo anga anachoka ku Ntcheu wapansi, anawoloka Zambezi pa Tete, n'kudzakalambira pa ng'anjo za Risco (dzina lakale la Zisco) kuno, ndipo m'nkhani zawo za madzulo dzina la Beira silinkasowa. Njanji yochokera kudoko limenelo inafika ku Umtali (Mutare wa lero) mu 1898, ku Salisbury (Harare wa lero) chaka chotsatira. Ya ku Nyasaland inatsegulidwa mu 1922, ndipo mlatho wa Dona Ana utatha mu 1935, tiyi wa ku Thyolo ndi fodya wa ku Lilongwe zinkatsika mpaka kunyanja popanda kutsitsidwa pa Zambezi. Lero lomwe mafuta a galimoto za mu Zimbabwe amakwera ndi paipi yochokera ku Beira kukafika ku Feruka pafupi ndi Mutare, pamene matanki a ku Malawi amadzera ku Tete kukalowa pa Mwanza. Beira ikamira, ife tonse timanyowa.

Wina angafunse kuti bwanji osalemba za meya wa kwathu konkuno. Kunena zoona, malamulo a maiko athu salola meya kukhwimira pampando. Mu Zimbabwe munali mameya amphamvu osankhidwa ndi anthu onse a mumzinda, koma udindo umenewu unathetsedwa mu 2008. Tsopano meya amasankhidwa ndi makhansala anzake ndipo mphamvu zambiri zili m'manja mwa alembi a khonsolo ndi nduna. Ngakhale nthawi ya mameya amphamvu ija, a Elias Mudzuri, injiniya amene anthu a ku Harare anawasankha mu 2002, anaimitsidwa ntchito mu 2003 n'kuchotsedwa mu 2004. Ku Malawi dziko linakhala lopanda makhansala kuchokera mu 2005 mpaka 2014, ndipo meya wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amapatsidwa zaka ziwiri ndi theka basi asanabwererenso kwa anzake kukapempha voti. Anthu abwino akhalapo. Ku Kwekwe konkuno tinaona a Matenda Madzoke, meya wa 2013 mpaka 2018, akukana galimoto ya udindo n'kumayenda pa njinga yakapalasa, ndipo mpaka lero anthu amawatchula mwaulemu. Koma ngalande yaikulu ya mzinda, kuchokera tsiku loijambula papepala mpaka tsiku limene madzi oyamba adzadutsemo, imadya zaka khumi. Mbewu yotere siingadzalidwe ndi munthu amene akudziwa kuti mvula ikubwerayi imupeza atachoka.

A Simango anakhala zaka 17. Luso lawo lagona pa mmene anapezera zaka zimenezo ndi mmene anazigwiritsira ntchito.

Anabadwa pa 7 Febuluwale 1964, makolo awo ali ku Tanzania pa nkhondo yomenyera ufulu. Dzina lawo lapakati linali Mbepo, limene khutu la Mchewa silichedwa kumva kuti mphepo. Bambo awo, mbusa Uria Simango, anakhalapo mu Salisbury akutumikira anthu a kwawo obwera kudzagwira ntchito, monga anabwerera agogo athu, kenako anakhala wachiwiri kwa Eduardo Mondlane mu Frelimo. Mondlane ataphedwa mu Febuluwale 1969, a Uria anasemphana ndi Samora Machel ndi Marcelino dos Santos ndipo anachotsedwa m'chipani. Chimene chimandiwawa ine mwana wa Mmalawi n'chakuti anagwidwira ku Malawi chakumapeto kwa 1974 n'kuperekedwa m'manja mwa adani awo. Anawaonetsa pagulu ku Nachingwea, ku Tanzania, mu 1975 ngati ogulitsa dziko, anawatsekera ku M'telela m'chigawo cha Niassa, ndipo kumeneko anaphedwa mwachinsinsi. Mayi Celina, akazi awo, anapita njira yomweyo. Daviz anali mwana wa zaka khumi pamene bambo ake ankagwidwa. Anakulira m'manja mwa achibale ku Beira, atasenza dzina limene ana asukulu ankaphunzitsidwa kulinyoza, ndipo anakamaliza maphunziro a uinjiniya wa zomangamanga pa Yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo.

Mwana wotere akanatha kukula ndi mtima wa kubwezera wokhawokha, ndipo palibe akanamudzudzula. Iwo anakaphunzira za simenti, za kutsetsereka kwa nthaka, za kulemera kwa madzi. Atapambana mu 2003 pa tikiti ya chipani chotsutsa cha Renamo, mzinda umene analandira unali wotopa ndi nkhondo ya pachiweniweni ya zaka 16, misewu yokumbika, zinyalala zili milumilu, kolera ikubwera ngati mlendo wa chaka ndi chaka.

Kuti timvetse ntchito yawo tiyambe taona nthaka imene Beira anakhalapo. Mzindawu, wa anthu oposa theka la miliyoni, unamangidwa padambo, pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja yamchere, Buzi akuthira chapafupi pomwepo. Ndi malo a fulati ngati lichero. M'mphepete mwa nyanja muli kamtunda ka mchenga, ndipo kuseri kwa kamtundako kuli madera amene nyanja ikadzaza amakhala m'munsi mwa madzi a m'nyanjamo. Ife ozolowera nyanja ya Malawi tiyenera kukumbutsana kuti nyanja yamchere imapuma: imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa pa Beira kumapyola mamita 6. Ndiye taganizani mvula yamphamvu itagwa m'makomboni a Munhava kapena Chipangara nthawi imene nyanja yadzaza. Madzi a mvulawo alibe kotsikira. Ukakumba ngalande yolunjika kunyanja n'kuisiya yosatseka, nyanja ndiyo imalowa m'ngalandemo kudzakupeza kukhomo. Apwitikizi anakumba ngalande zawo m'zaka za m'ma 1960, koma pofika 2003 zambiri zinali zitakwiririka ndi matope, udzu ndi zinyalala, anthu atamanga nyumba m'mphepete mwenimweni.

Pakati pa mzindawu pamadutsa kamtsinje kotchedwa Chiveve, kamene anthu a ku Beira amadzitchulira nako monga a ku Blantyre amatchulira Mudi. Si mtsinje wochokera kuphiri. Ndi mkono wa nyanja wolowa kumtunda, umene moyo wake ndi kudzaza ndi kuphwa komweko. M'zaka za m'ma 1980 pakamwa pake panatsekeka, madzi amchere analeka kulowa ndi kutuluka momasuka, ndipo Chiveve anasanduka chithaphwi chonunkha, mosungira udzudzu ndi zonyansa za mzinda wonse. Mvula ikagwa ankasefukira m'nyumba za anthu osauka okhala m'mbali mwake.

Njira yachidule ikanakhala kumukwirira Chiveve, kapena kumuika m'mapaipi a simenti n'kumangapo masitolo pamwamba. Mizinda yambiri yachita zimenezi ndi timitsinje take, ndipo chaka cha mvula yambiri imadzazindikira kuti akale sananame ponena kuti madzi saiwala khwawa. Ku Beira anasankha kumubwezera mtsinje njira yake. Ndi thandizo la banki ya chitukuko ya ku Germany, KfW, anachotsa matope ndi zinyalala za zaka makumi atatu, anakuza khwawa, anadzalanso mitengo ija yomera m'matope amchere imene kumeneko amati mangal, ndipo pakamwa pa mtsinje anamangapo zitseko zikuluzikulu zokweza ndi kutsitsa. Pa zitseko zimenezi ndi pamene ine ndimaima nthawi yaitali ndikamaganiza za ntchitoyi. Masiku wamba zimasiyidwa kuti nyanja ilowe ndi kutuluka, itsuke mtsinje, imwetse mitengo ija madzi amchere amene imafuna. Zikamveka kuti kukubwera chimvula, oyang'anira amadikira nyanja iphwe, mtsinje utsale wopanda kanthu, ndiye amatseka. Pamenepo Chiveve amasanduka mtsuko waukulu wopanda madzi woyembekeza mvula. Mvula ija ikagwa imapeza malo. Nyanja ikaphwanso, zitseko zimatsegulidwa, madzi onse n'kutsika okha popanda injini yowakankha. Kulemera kwa madzi ndi kuyenda kwa mwezi ndizo zimagwira ntchito, munthu amangofunika kudziwa nthawi.

Nzeru yomweyo anaikulitsa pa ntchito ina imene Banki ya Dziko Lonse inavomereza mu 2012, ya ndalama zokwana madola 120 miliyoni a ku America. Ngalande zikuluzikulu zotalika makilomita 11 zinakuzidwa n'kuwakidwa ndi simenti, potulukira pake ku Palmeiras panaikidwa zitseko, ndipo ku Maraza anakumba dziwe lalikulu losungira madzi a mvula pa maola amene nyanja yadzaza. Ntchitoyi inatha mu 2018. Onani kutalika kwa ulendo: munthu analowa mu ofesi kumayambiriro kwa 2004, ndalama zinavomerezedwa mu 2012, madzi anayenda mu 2018. Pakatipo anakhalanso pansi ndi akatswiri a ku Netherlands, anthu amene dziko lawo lomwe lili m'munsi mwa nyanja, n'kujambula pulani ya mzinda yofika mpaka 2035, yosonyeza kumene anthu angamange ndi kumene kuyenera kusiyidwira madzi.

Ndisakometse nkhani mopitirira. A Simango sanakumbe okha ngalande zimenezi, ndipo ndalama zake sizinadutse m'thumba la khonsolo yawo. Mabanki otere amakambirana ndi boma, ndipo makontirakiti ankayendetsedwa ndi bungwe la boma loona za madzi ndi ukhondo lotchedwa AIAS. Apa ndi pamene pali luso lina limene anthu saliona msanga. Boma limenelo linali la Frelimo, chipani chimene atsogoleri ake akale anapha bambo ndi mayi awo, chipani chimene pa chisankho chilichonse chinkafuna kuwalanda mzinda. Anagwira ntchito pansi pa Joaquim Chissano, Armando Guebuza ndi Filipe Nyusi. Pa msonkhano wa ndale ankawadzudzula poyera, koma pa tebulo la ngalande ankakhala nawo pansi, chifukwa popanda siginecha ya ku Maputo madzi a ku Munhava sakanasuntha. Paki yokongola imene inamangidwa m'mbali mwa Chiveve, ya misika, mabwalo a masewera ndi tinjira toyendamo, itatha mu Disembala 2020, amene anadula riboni anali a Nyusi. Meya anaimirira pambali. Munthu amene mtima wake uli pa ngalande amalolera kuti dzina lolembedwa pachikwangwani likhale la wina. Ndikaganiza za manda a makolo awo amene sanawaonepo, kudziletsa kumeneku ndimakuona kolemera kuposa simenti yonse ya ku Palmeiras.

Koma anthu savotera pulani ya 2035. Mayi wogulitsa nsomba ku Praia Nova sadikira zaka 14 kuti aone ngati meya ndi wabwino. Chimene chinawagulira a Simango nthawi ndi ntchito zing'onozing'ono zooneka ndi maso sabata yomweyo. Zinyalala zinayamba kutoledwa. Ngalande zakale zinayamba kuchotsedwa udzu mvula isanayambe. Misewu ya m'makomboni inayamba kuyalidwa njerwa za simenti zolumikizana, zimene kumeneko amati pavê. Ngakhale pa kusankha njerwa m'malo mwa phula ndimaonapo mutu wa injiniya wodziwa dothi lake. Phula likakhala pa nthaka yonyowa pansi limang'ambika, madzi amalowa m'ming'alumo, ndipo pofika chaka chamawa msewu wonse ndi maenje ofuna makina ndi phula lina logula kunja. Msewu wa njerwa ukatitimira pena, anyamata anayi ndi wilibala amazula njerwazo, kuthira mchenga, kusalaza, n'kubwezeretsa zomwezo. Simenti imapangidwa ku Dondo, pafupi pomwepo. Mchenga ndi wa komweko. Manja ndi a ana a m'dera lomwelo amene akanakhala pa ulova. Ndikadutsa m'misewu yathu ya ku Rutendo, imene phula lake linayalidwa agogo ali anyamata, ndimaganiza za njerwa zimenezi kawirikawiri.

Analinso munthu wopezeka. Anthu a ku Beira anazolowera kuona meya wawo pamsewu, pamene pakugwiridwa ntchito, akufunsa kapitawo mafunso a munthu wodziwa chimene akufunsa. Meya amene sadziwa kuwerenga pulani amangomva zimene womanga wamuuza. Amene amadziwa amatha kutsika m'ngalande, kuyang'ana kutsetsereka kwake, n'kunena kuti apa madzi adzaima. Omanga akadziwa kuti bwana ali ndi diso lotere, simenti siichepa m'matope.

Kuti ntchito zimenezi zinalowa m'mitima ya anthu zinaoneka mu 2008. Chisankho chili pafupi, mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, anawasiya a Simango n'kuika Manuel Pereira kuti aimire chipani ku Beira. M'ndale za kuno kwathu chipani chikakutaya ndiye kuti wathera pomwepo. Anthu amavotera chizindikiro, ndipo munthu wopanda chizindikiro amakhala ngati mbuzi yopanda khola. Ku Beira zinatembenuka. Anthu a ku Munhava, komboni yaikulu ya mzindawu imene inali linga la Renamo, anatuluka m'misewu kukana. A Simango anaima paokha. Pa 19 Novembala 2008 anapeza mavoti pafupifupi 62 pa 100 alionse, wa Frelimo, Lourenço Bulha, anatsatira patali, ndipo Pereira, mwini chizindikiro, sanafike ngakhale 3 pa 100. Anthu anasiyanitsa chipani ndi munthu amene anawachotsera madzi pakhomo. Mu Malichi 2009 anayambitsa chipani chawo, MDM, chimene chizindikiro chake ndi tambala, mbalame imene ife a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe timaidziwa bwino pa nsalu za ndale. Mu 2013 anapambananso ndi mavoti 70 pa 100 alionse, ndipo mu 2018, malamulo atasintha kuti meya azikhala woyamba pa mndandanda wa chipani chopambana, Beira anakhalabe m'manja mwawo.

Kenako kunabwera Idai. Namondwe ameneyu anatikhudza tonse, mbali zonse zitatu za mtundu wathu wobalalikawu. Anayamba ngati chimvula kumayambiriro kwa Malichi 2019, n'kumiza midzi ya ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Anabwerera kunyanja kukatenga mphamvu, ndipo usiku wa pa 14 kucha wa pa 15 Malichi anatera pa Beira penipeni, asanakwere mapiri kukagumula Chimanimani ndi Chipinge. Ku Mozambique kunafa anthu oposa 600, ku Zimbabwe oposa 300, ku Malawi pafupifupi 60. Oyamba kufika a Red Cross anati mbali zisanu ndi zinayi mwa khumi za mzinda wa Beira zinali zitawonongeka. Madenga anapita, mitengo inagwa, magetsi ndi mafoni zinazima, msewu waukulu wa EN6 wolowera ku Chimoio ndi ku Mutare unaduka, mzinda unatsala wokha ngati chilumba.

Apa wina akhoza kunena kuti nanga ngalande zija zinathandiza chiyani. Ngalande siigwira denga. Chimene chinaphwanya Beira ndi mphepo, ndipo chigumula chimene chinapha anthu ambiri chinabwera masiku otsatira kuchokera mu Buzi ndi Pungwe, m'maboma a kunja kwa mzinda. Panalinso mwayi: namondweyo anafika masiku amene nyanja siidzaza kwambiri, ndipo akanafika mwezi uli wathunthu nkhani ikanakhala ina. Koma m'madera amene ngalande zatsopano zinafika, madzi a mvula anatsika msanga, pamene m'madera osafikidwa anthu anakhala m'thamanda masiku ambiri. Kusiyana kwa madzi oima tsiku limodzi ndi oima sabata ziwiri kumawerengedwa ndi maliro a ana. Kolera inabukadi kumapeto kwa Malichi, ndipo odwala oyamba anapezeka ku Munhava, koma katemera amene anaperekedwa kwa anthu oposa 800,000 mu Epulo anaidula msanga.

Masiku amenewo meya anali pamsewu ndi anthu ake, akutsegula njira zotsekedwa ndi mitengo kuti magalimoto a chithandizo adutse. Ndipo pamene ena akadali kuwerenga zowonongeka, iwo anali atayamba kale kulemba. Pofika pa msonkhano wa maiko othandiza umene unachitikira mu Beira momwemo pa 31 Meyi ndi 1 Juni 2019, khonsolo inali ndi pulani yakeyake yomanganso mzinda, ya madola 888 miliyoni, yotchula gombe loti litetezedwe, ngalande zoti ziwonjezedwe, nyumba zoti zimangidwe molimba. Dziko lonse linapempha madola 3.2 biliyoni, othandiza analonjeza 1.2 biliyoni. Pulani yotere siilembedwa m'miyezi iwiri ndi munthu woyamba kumene. Inatheka chifukwa mapu, miyezo ndi maubale ndi akatswiri zinalipo kale m'madirowa kuyambira zaka za m'mbuyo. A Simango anayendanso maiko akunja kukanena mosapsatira kuti mzinda wawo ukulipira mlandu wa kusintha kwa nyengo umene sunapalamule, ndipo ankamveka chifukwa ankapita ndi mapepala a ntchito imene inachitika kale.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Luso limene linawakweza ku Beira silinawatsatire pa bwalo la dziko lonse. Anaimira upulezidenti katatu ndipo mavoti ankatsika ulendo uliwonse: pafupifupi 9 pa 100 mu 2009, 6 mu 2014, 4 mu 2019. Chipani chimene mu 2013 chinatenga Beira, Quelimane ndi Nampula, kenako Gurué mu 2014, chinayamba kutha ngati mchere m'madzi. A Mahamudo Amurane, meya wa Nampula, anali atasemphana nawo poyera asanawomberedwe pa 4 Okutobala 2017. A Manuel de Araújo a ku Quelimane ndi a Venâncio Mondlane anapita ku Renamo mu 2018. Ambiri ankadandaula kuti chipani chikuyendetsedwa ngati cha pabanja, mkulu wawo Lutero ali mtsogoleri wa aphungu ake. Ndikuganiza kuti madandaulowo anali ndi maziko. Munthu wozolowera kuyang'ana yekha ngalande iliyonse savomera msanga kuti wina agwire chiwongolero, ndipo chimene chili ukoma pa ntchito ya simenti chimatha kukhala chilema pakati pa anthu amene nawonso ali ndi mitu yawo. Ku Beira komweko, madera ambiri a anthu osauka akadali kumira mvula ikagwa, ndipo nyanja ikupitirira kudya gombe la Praia Nova. Zaka 17 sizinakwane.

Koma zimene zinatheka m'zakazo ndi zinthu zogwirika, ndipo zinatsala. Namondwe Chalane anadutsa kumapeto kwa Disembala 2020, Eloise anagunda pa 23 Januwale 2021, ndipo onse awiri anawapeza a Simango ali pantchito. Patangopita milungu yochepa anadwala, anawatengera kuchipatala ku South Africa, ndipo anamwalira komweko atangokwanitsa zaka 57, nthawi imene Covid-19 inkakolola anthu m'chigawo chonse chino. Amene anatenga mpando ndi a Albano Carige, amene anali khansala woyang'anira zomangamanga pansi pawo, munthu amene anaphunzira ntchito ali pambali pa mwini luso monga mwana wa mmisiri amaphunzirira kugwira sompho. Pa chisankho cha mu Okutobala 2023, zotsatira zoyamba kulengezedwa zinapereka makhonsolo 64 mwa 65 a dziko lonse kwa Frelimo. Imodzi yotsalayo inali Beira.

Kwathu kuno nkhani ya madzi imakambidwa chisankho chilichonse, ndipo pamzere wa pamjigo ndamvapo achikulire amene anagwira ntchito ya mapaipi mu Zisco akufotokoza mwatsatanetsatane kumene mapaipi akale anadutsa, kukula kwake, ndi pamene pali mavavu amene anakwiririka. Nzeru zimenezi zili m'mitu ya anthu amene akukalamba, ena a iwo obadwira ku Torwood kwa makolo a ku Dedza, ku Chipata ndi ku Angónia. Ndikamawamvetsera ndimalakalaka atapezeka munthu wa udindo wokhala nawo pansi ndi pepala ndi pensulo, munthu woti adzakhalepobe pamene chojambulacho chidzasanduke ngalande yokumbidwa.

Usiku uno mwezi watuluka wathunthu pamwamba pa machumuni ozizira a Zisco, ndipo kunja kwawala moti ndikuona mawilibala atatsamira m'makoma a anansi. Mwezi womwewu ukukoka nyanja ku Beira, makilomita mazanamazana kum'mawa kwathu. Madzi akwera kwambiri usiku uno pakamwa pa Chiveve, ndipo pali wina wa khonsolo amene sanagone, akuyang'ana pepala la maola a nyanja ndi mitambo ya kum'mawa, kuti adziwe ngati atseke kapena asiye. Ine ndaika kale zigubu zanga zinayi pakhomo, kuti tambala woyamba akalira ndikapeze malo pamzere.